Mutu 4: Nyumba ya Kuseri kwa Mpanda

1. Makatani a Aggie

Nsanje siyamba ndi zinthu zazikulu ayi. Ya Benedicta inayamba ndi makatani.

Anali makatani obiriwira, opachikidwa pa zenera la nyumba ya msuweni wake Aggie ku Mulunguzi, m'munsi mwa phiri la Zomba. Aggie anawajambula n'kuika chithunzicho pa foni kuti anzake aone. Kuseri kwa zeneralo kunkaoneka mitengo ya jakaranda itachita maluwa, ndiye pamwamba pake phiri. Benedicta anachiona chithunzicho ali pa mkeka kwawo ku Malosa, akusisita mwendo wa mayi ake. Anachikulitsa ndi zala, anachichepetsa, anachikulitsanso. Kenaka anatsonya.

"Watsonya chiyani?" anafunsa mayi ake.

"Palibe, amayi. Netiweki."

Bodza limenelo. Netiweki inali bwinobwino.

Atsikana awiriwa anakulira limodzi. Bambo ake a Aggie, a Alufandika, anali mlongo wawo wa mayi ake a Benedicta. Sukulu anayamba tsiku limodzi, yunifolomu ankasoketsa kwa telala mmodzi. Koma kaya zinkatheka bwanji, Aggie nthawi zonse ankapezeka patsogolo. Mayeso a Folomu 4 anakhoza kamodzi n'kamodzi, ulendo wa ku koleji. Chaka chomwecho mayi ake a Benedicta anadwala sitiroko, dzanja ndi mwendo wa kumanzere n'kufooka. Bambo anali atamwalira kale, ndiye mwana anasiya makope n'kumasamala kholo. Anadzabwereza, anakhoza ndithu, koma pamene ankamaliza kosi ya ukalaliki n'kuti mnzake akugwira kale ntchito ku laibulale ya yunivesite.

Tsopano mwayi unali utamugwera nayenso. Anamulemba ntchito mu ofesi ina ya boma mu Zomba, yoyamba mu Novembala. Adokotala anali atanenanso kuti mayi ake akamapita ku mafizo, kolimbitsa ziwalo zofooka, ku chipatala chachikulu sabata iliyonse, mwendo uja ukhoza kuyambanso kumvera. Choncho anagwirizana zosamukira m'tauni onse awiri. Chinatsala n'kupeza kokhala.

Kwa mayi ake nkhani inali ya mwendo. Kwa Benedicta, tinene zoona, nkhani inali ya makatani aja.

2. Mawu a amalume

A Alufandika anabwera Lachitatu m'mawa pa njinga yawo yakapalasa. Anagwira ntchito m'boma mu Zomba zaka zambiri asanapume n'kubwerera kumudzi kukalima. Atapatsana moni ndi mlongo wawo, anakoka mpando n'kumuitana Benedicta.

"Bene, khala apa umve. Ine Zomba ndinalowamo ndili mnyamata, ndatulukamo ndi imvi izi. Ndasamuka kambirimbiri, ndipo kusamuka kulikonse kunandisiyira chipsera. Nyumba ya lendi sasankha ngati chitenje pa msika, kuti maluwa akakukomera basi wagula. Ukafika, usathamangire kulowa m'nyumbamo. Pita khomo loyandikana nalo ukaodire, upemphe madzi akumwa ngati munthu wapaulendo. Ukaona akukutulutsira mpando, akukufunsa kumene wachokera, dziwa kuti tsiku limene mayi ako adzagwe iwe uli ku ntchito, anthu amenewo ndi amene adzawadzutse. Ukaona palibe wokuyankha, bwerera, ngakhale nyumbayo ikhale yokongola chotani. Khoma silitengera munthu ku chipatala."

Anakhosomola, napitiriza.

"Chinanso, ino ndi Okutobala. Mu Okutobala nyumba iliyonse mu Zomba ndi yabwino. Koma tauni ija inagona m'munsi mwa phiri, ndipo madzi onse ogwa pamwamba paja njira yawo ndi yomweyo. Kale mitengo inkawagwira, ankatsika mwaulemu. Lero mitengo yatha m'malo ambiri, amatsika ngati akuthamangitsidwa. Ndiye usakangoyang'ana kudenga. Kayang'ane m'munsi mwa khoma ndi m'munsi mwa chitseko, ufunse kuti madzi a mvula amadzera pati. Mwini nyumba akhoza kunama, wokupezera nyumba akhoza kunama, koma madzi amasiya chizindikiro pamene anafika. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mutu?"

Benedicta anaseka pang'ono. A Alufandika anamuuza kuti mnzawo wina wa ku tchalitchi anali ndi nyumba ya zipinda ziwiri ku Matawale, pafupi ndi msewu, ndipo anali atamulankhula kale. Kunangotsala kuti iye akaione.

"Ku Matawale?" anafunsa Benedicta, milomo itapindika.

"Eya. Kwalakwika?"

"Ayi. Kungoti Aggie simunamupezere ku Matawale."

"Iwe Bene," anatero mayi ake motsitsa mawu.

"Musiyeni alankhule, achemwali," anatero a Alufandika. "Aggie ku Mulunguzi anapita yekha, ine sanandifunse. Komanso iye ali yekha, miyendo yake yonse ndi yamphamvu, kukavuta athawa. Iwe sukusankha nyumba yako. Ukusankha nyumba imene mayi ako azikhalamo okha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga, m'kati muli nyerere."

Benedicta anangoti zyoli. Koma pa mawu onse aja iye anatolapo chimodzi chokha: mwana wawo ku mthunzi, mwana wa mlongo wawo ku fumbi.

3. Kapu ya madzi

Loweruka Benedicta anakwera minibasi. Ku Matawale anafika dzuwa lili paliwombo. Ana anali balala pa msewu ndi mpira wachikulunga, mawailesi akuimba nyimbo zosiyanasiyana nthawi imodzi, chigayo chikulira chapatali. Fumbi linamulowa mpaka m'mano.

Nyumba ija anaipeza mosavuta. Poopa kuti amalume akamufunsa, anayamba waodira khomo loyandikana nalo. Anatuluka mayi wina wojintcha, tepi ya telala ili m'khosi. Asanamve n'komwe chimene mlendo wadzera, anali atatulutsa kale mpando. Benedicta atapempha madzi, mayiyo anatsuka kapu, anatunga mu mtsuko n'kumupatsira manja awiri.

"Ine kuno amanditchula amake Chiso. Mwachokera kutali?"

"Ku Malosa. Ndabwera kudzaona nyumba iyi."

"Oo, ndinu a kwa a Alufandika? Tinamva. Mayi aja mwendo uli bwanji? Abwere basi. Ine ndimakhala pompano tsiku lonse, ndimasoka. Kuseri uku kuli anesi opuma pa ntchito. Kuno munthu akatsokomola kawiri timakagogoda."

Wina akanamva chifundo m'mawu amenewa. Benedicta anamvamo miseche. Madzi aja anangolawa, otsalawo n'kuthira pa maluwa.

Nyumbayo inali ya simenti pansi, khonde lokwera, siling'i munalibe. M'munsi mwa makoma munali mouma gwaa, koma iye sanayang'aneko. Anangolunjika pa zenera. Kunja kunkaoneka chingwe cha zovala, matewera a mwana wa eni ali pomwepo, ndiye bafa la malata.

"Pamenepa munthu angajambule chiyani?" anang'ung'udza.

"Mwati bwanji?" anafunsa amake Chiso ali pakhomo.

"Ndati ndikaganize kaye."

"Kaganizeni, koma musachedwe. Nyumba za kuno sizigona."

4. Njerwa m'makona

Pa depoti anakumana ndi Japhet, mnyamata wa tayi wofiira ndi mafoni awiri, amene ntchito yake inali yopezera anthu nyumba. Benedicta anangotchula Mulunguzi, Japhet n'kuwomba m'manja.

"Sisi, Mulungu amakukondani. Ilipo imodzi, ya kumtunda kwenikweni. Mtengo wake simungakhulupirire, ngati ya ku Matawale."

Munthu wofatsa akanafunsa kuti nanga yatchipa chifukwa chiyani. Benedicta anafunsa ngati zenera lake limaona phiri.

Anakwera njinga zamoto. Anadutsa nyumba zakale za boma ndi mitengo italiitali, mphepo n'kuyamba kuzizira bwino. Tala anatha, anapitirira pa msewu wa miyala mpaka pa geti lakuda. Mpanda unali wa njerwa, wautali, pamwamba pake atazikapo mabotolo oswa. M'katimo munali nyumba yaikulu yotseka, mwini wake ankakhala ku Lilongwe. Ya lendi inali boyizikota, kanyumba ka antchito, ya kumunsi kwa pulotiyo, pakona pamene mpanda unagundana ndi khwawa louma lochokera m'phiri.

Koma nyumba inaliko inu. Matailosi pansi, siling'i woyera, bafa la m'nyumba momwemo. Benedicta ataima pa zenera, phiri lonse linali lake, lalikulu kuposa la pa chithunzi cha Aggie. Mtima unachita kumuvina.

Zina anaziona ndithu, si kuti anali wakhungu. Penti wa m'makoma anali watsopano kuchokera pansi kulekeza m'chiuno, kumtunda kwake wakale. M'munsi mwa chitseko anali atakhomamo thabwa latsopano. Ku chipinda chogona kunali njerwa zosanjikiza m'malo anayi.

"Njerwazi n'zachiyani?"

"Amene analimo ankakonda bedi lalitali," anayankha Japhet osaphethira. "Anthu timasiyana, sisi."

"Nanga khwawali?"

"Limeneli linafa kalekale. Mukuona madzi inu?"

Potuluka anakumbukira mawu a amalume. Anapita pa geti loyandikana nalo n'kugogoda. Galu anauwa. Anagogodanso, galu anaonjezera ukali. Munthu sanatuluke.

"Mukufuna chiyani kumeneko?" anafunsa Japhet.

"Madzi akumwa."

Japhet anaseka mpaka kugwira tayi. "Kuno anthu sapemphana madzi, sisi. Aliyense ali ndi mpopi wake. Kuno ndi kwa mabwana."

Mawu akuti mabwanawo anamukomera Benedicta kuposa madzi. Anagwirizana pomwepo, Japhet n'kumupatsa kiyi wa nyumba ndi kiyi mmodzi wa geti.

5. Asuweni akangana

Kwa Aggie kunali kumunsi pang'ono, ndiye Benedicta anadzera konko kuti nkhani ikafike yotentha. Aggie anamukumbatira, anatereka tiyi, anafunsa za azakhali ake. Makatani aja analipo. Pafupi ankaoneka opyapyala, ndipo chipindacho chinali chaching'ono, koma Benedicta anawayang'anabe ndi diso la nkhwezule.

"Ndapeza nyumba," anatero. "Kumtunda kwako uku. Geti lakuda, pafupi ndi khwawa."

Aggie anaika kapu pansi. "Boyizikota ya matailosi? Wakuonetsa Japhet?"

"Ukuidziwa?"

"Bene, imene ija usatenge. Ine anandionetsa mu Januwale. Ndinapeza munthu akukapa matope ndi mbale, matiresi ali pa mpanda. Khwawa lija likadzaza, madzi amaboola pansi pa mpanda n'kulowera pakhomo penipeni. Chilimwe chikafika amangopaka penti n'kupeza wina."

"Anakonza."

"Anakonza chiyani? Phiri analisuntha?"

Benedicta sanaseke. Aggie anasendeza mpando pafupi.

"Ndipo kunoko usakuone chonchi. Kuli zii. Lamlungu ndimayankhula ndi wailesi. Mwezi wa Juni ndinadwala malungo, ndinagona muno osadzuka, palibe anagogoda. Azakhali sangakhale kuno okha."

"Ngati kuli koipa, iwe sukuchokako bwanji?"

"Ndikuganiza zomwezo."

Apa ndiye Benedicta anaseka, chiseko chopanda chimwemwe. "Iwe ndi bambo ako mwapangana eti? Zabwino zikhale zanu, ife tizikamwa fumbi ku Matawale. Kuyambira Sitandade 1 umafuna uzikhala patsogolo wekha. Lero ndakupeza, wayamba kunjenjemera. Nsanje idzakupha, Aggie."

Taonani zake. Wakuba ndi amene anayamba kukuwa kuti wakuba.

Maso a Aggie analengeza misozi. "Za ine nena mmene ungathere. Koma ganizira azakhali."

"Amayi ndi anga, si ako."

Tiyi anamusiya akufuka nthunzi. Ali mu minibasi anatseka nambala ya Aggie pa foni. Atafika kumudzi anawauza amalume kuti ya ku Matawale sinamusangalatse, wapeza ina.

"Madzi unapempha?" anafunsa a Alufandika.

"Ndinapempha."

"Anakupatsa?"

"Anandipatsa," anatero, maso ali pansi.

A Alufandika anamuyang'ana nthawi yaitali.

6. Kiyi mmodzi

Anasamuka kumapeto kwa mweziwo. Chinthu choyamba chimene Benedicta anagula ndi makatani achikasu, okhuthala, a maluwa. Anawajambula phiri lili kumbuyo n'kuika pa foni. Anzake anayamikira ndithu. Chinamuwawa n'chakuti munthu amene ankafunitsitsa kuti aone anali atamutseka yekha. Njerwa zija anazitaya kunja, akuti zinkaipitsa chipinda. Dzina la Aggie analiletsa m'nyumbamo, moti mayi ake akafuna kucheza ndi mwana wa mlongo wawo pa kafoni kawo ka mabatani, ankadikira iye achoke.

Mlonda wa pamalopo ankabwera madzulo okha. Choncho m'mawa uliwonse Benedicta ankakhoma geti chakunja poopa akuba, kiyi n'kuponya m'chikwama. Mayi ake ankatsala ndi wailesi ndi anyani odutsa pa mpanda. Ku mafizo ankapita mwa apo ndi apo, chifukwa a kabaza ambiri ankakana msewu wa miyala uja.

"Bene, kuno ngakhale nkhuku ya eni sidutsa," anadandaula tsiku lina.

"Ndiye mtendere umenewo, amayi."

Chizimalupsa chinagwa n'kupita, nyumba ili youma. Benedicta anati, "Mwaona? Anthu amangolankhula."

Pakati pa Disembala, Lachinayi masana, phiri linabisika. Kunja kunada bii ngati madzulo, kenaka mvula inakhuthuka. Benedicta n'kuti ali mu msonkhano wa ku ofesi, foni ataisiya mu dirowa. Potuluka anapeza kuti mayi ake aimba kambirimbiri. Anabweza. Foni sinayankhidwe.

A kabaza onse anali atabisala m'makonde a masitolo. Benedicta anavula nsapato n'kuyamba kuthamanga. Madzi ofiira ankatsika mu msewu atanyamula timiyala ndi zinyalala, iye akukwera kulimbana nawo. Anagwa, anadzuka, anagwanso. Khwawa lija lomwe Japhet anati linafa linkamveka kulira asanafike n'komwe.

Pa geti anapeza njinga yamoto itatsamira mpanda, mwini wake ali chiimire, atanyowa chapuchapu.

"Ndinu a kiyi?" anafunsa bamboyo. "Fulumirani. Mtsikana ndinamunyamula uja wakwera apa, waponda pa njinga yangayi. Ndinamuletsa, sanamve. Mabotolo amucheka."

Benedicta anatulutsa kiyi, koma kiyiyo anakana kulowa. Bamboyo anamulanda n'kutsegula. Kumunsi kwa puloti kunali dziwe. Chitseko cha boyizikota chinali pululu, madzi atafika m'munsi mwa zenera, pomwe penti watsopano uja analekezera. Makatani achikasu anali atamwa matope. Ndodo ya mayi ake inkazungulira pa madzi pakhomo.

"Amayi!"

"Kuno, Bene."

Mawuwo anali a Aggie. Anachokera kumtunda, pa khonde la nyumba yaikulu. Mayi ake anali atakhala pansi potsamira khoma, atafunda jekete la Aggie, thupi lonse likunjenjemera. Aggie anali atawabereka kuchokera m'madzi muja. Mwendo wake anali ataumanga ndi mpango, koma magazi ankatsikabe mpaka ku chidendene. Dzanja lamphamvu la mayi ake linali litagwira mkono wa Aggie zolimba, ndipo Benedicta atagwada pambali pawo silinausiye.

Ngakhale pamenepo, kansanje kaja kanamulasa mu mtima poona dzanjalo. Koma ulendo uno manyazi anabwera pambuyo pake n'kukaphimba.

"Ndinakuimbira, Bene," anatero mayi ake, mano akugundana. "Ndinakuwa mpaka mawu anatha, kenaka ndinaimbira Aggie. Kuno kulibe anthu, mwana wanga."

Benedicta anawakokera jekete lija m'mapewa.

"Usaime," anatero Aggie. "Auze abambowo akaitane galimoto. Azakhali azizidwa kwambiri."

7. Khomo lomwe lija

Mayi ake anawagoneka m'chipatala, chifuwa chitawagwira. Aggie anamusoka mwendo n'kumutulutsa tsiku lomwelo. M'mawa mwake anesi anamuuza Benedicta kuti odwalawo akapeza bwino atuluka, koma akufunika malo ouma, ofunda, komanso munthu pafupi nthawi zonse.

A Alufandika anafika chakumasana. Anakhala kaye ndi mlongo wawo, kenaka anamuitanira Benedicta panja pa wodi. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Madzi aja anakupatsadi?"

"Ayi, amalume. Kunauwa galu basi."

"Ndinadziwa. Ndinakhala chete chifukwa munthu wamkulu sumugwira dzanja ngati mwana wa ku mkaka, ndipo pamenepo nanenso ndinalakwa. Tsono tamvera. Mnzako akakhala ndi chinthu, sikuti wakulanda iwe. Aggie sanakudyere gawo lako. Iwe unasiya sukulu chifukwa cha mayi ako, ndipo tonse tinakulemekeza. Lero mayi omwewo wawakhomera m'khola kuti upose mnzako pa chithunzi. Achemwali ku nyumba ija sabwereranso. Tsiku lotuluka muno likafika iwe ulibe kowaika, ndiwatenga tibwerere ku Malosa, ndipo za mafizo zithera pomwepo. Mwendo umenewo ukauma, wauma. Ine sindikupezeranso nyumba. Pita ukafunse wekha."

Benedicta anapita. Ku Matawale kunali matope, koma nyumba zinali chilili, ana akuyandamitsa timabwato ta mapepala m'ngalande. Amake Chiso anamuzindikira ali patali. Anasiya makina, anatulutsa mpando, anatsuka kapu. Benedicta sanapemphe n'komwe. Ulendo uno anamwa onse mpaka kupendeketsa kapu.

"Mayi, nyumba ija ikadalipo?"

"Iii, mwana wanga, inapita. Paja ndinakuuzani kuti za kuno sizigona."

Benedicta anatembenuka kuti aione komaliza. Pa zenera lomwe lija loyang'ana ku chingwe cha matewera panali makatani obiriwira, opyapyala. Anawadziwa. Anali atawakulitsa ndi zala kokwanira.

"Analowa mwezi watha," anapitiriza amake Chiso. "Mtsikana wa ku laibulale. Akuti kumene ankakhala kunamukwana, kunalibe ngakhale womupatsa moni. Dzulo wabwera atamusoka mwendo, ndiye tikusinthana kumuphikira. Mwana wabwino, koma ali ndi kake. Chipinda chinacho sanaikemo kanthu chilowereni, amangosesamo. Ndikamufunsa amati chili ndi eni ake."

Benedicta anagwira kapu ija ndi manja awiri. Misozi inagwera momwemo.

"Mukumudziwa?"

"Ndi msuweni wanga."

"Ndiye mwakhaliranji pano? Kaodireni."

Kuchokera pa mpandopo kufika pa khonde lija panali pafupi, koma Benedicta anayenda ngati wasenza mtolo wa nkhuni. Mawu onse amene analavula tsiku la tiyi lija anamubwerera limodzilimodzi. Anakwera khonde, anapukuta m'maso ndi chigongono, anaima.

"Odi," anatero. Mawu anatuluka ochepa ngati a mwana.

M'katimo munali zii. Anaodiranso. Kenaka anamva mpando ukusuntha, ndi phazi likukhwekhwerezeka pa simenti pang'onopang'ono, kulunjika ku chitseko.